Musanalowe m'chigwembe cha mathithi, yang'anani kumapiri

Alendo ambiri amene ndimawatsogolera m'zigwembe amachokera kugombe, atapsa ndi dzuwa, patapata kuphazi, thaulo paphewa. M'maganizo mwawo akungopita kukadziziziritsa padziwe la pansi pa mathithi. Funso lawo loyamba limakhala lakuti tiyenda maola angati. Ine ndisanayankhe ndimatembenuka kaye kuyang'ana kumapiri, ndipo ena zimawakwiyitsa, chifukwa pamene taimapo kumwamba kumakhala kuli mbee, kopanda ndi kamtambo komwe.

Chifukwa chake chili m'mene malo amenewa anapangikira. Mpweya wochokera panyanja yofunda umadzadza ndi chinyezi. Ukafika paphiri umakakamizika kukwera, ndipo ukamakwera umazizira, pafupifupi madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse. Chinyezi chija chimasanduka mitambo, mvula n'kugwa pamwamba pa phiri. Popeza kuchokera pamenepo kukafika kunyanja ndi pafupi komanso potsetsereka kwambiri, madziwo amatsika ndi liwiro, atanyamula mchenga ndi miyala zimene zimapala thanthwe ngati tupa. Patapita zaka zosawerengeka mpamene pamabadwa chigwembe. Pamene mwala wolimba wakumana ndi wofewa, wofewawo umadyeka msanga, wolimba n'kutsala ngati khonde, ndipo madzi amagwera pansi: mathithi ndi amenewo. Umu ndi mmene mtsinje wa Mzimkulwana unakumbira Oribi Gorge pafupi ndi Port Shepstone ku South Africa, ndipo zofananazo mudzaziona ku Wadi Shab ku Oman kapena ku Kawasan pachilumba cha Cebu ku Philippines.

Choncho madzi amene anasema kukongola kumene mwadzera sanasiye ntchito yawo. Mvula yogwa m'dera lalikulu kumtunda imasonkhana yonse n'kudzapanikizana m'mpata wopapatiza, mwina wa mamita atatu kapena anayi okha, ngati pamalo opapatiza kwambiri a chigwembe cha Samaria pachilumba cha Crete ku Greece. Pachidikha madzi osefukira amamwazika. M'chigwembe alibe kolowera, ndiye amakwera m'mwamba, ndipo amatha kutero m'mphindi zochepa chabe. Kumbukirani kuti madzi odzadza bokosi la mita imodzi mbali zonse amalemera makilogalamu 1,000, ndipo madzi othamanga ongofika masentimita 15 amatha kugwetsa munthu wamkulu. Pa 20 August 2018 anthu 10 anafera m'chigwembe cha Raganello ku Calabria, kum'mwera kwa Italy, mvula yamphamvu itagwa kumtunda. Ku Antelope Canyon m'dziko la America, mu August 1997, madzi anakokolola anthu 11, pamene mvula yeniyeniyo inagwa makilomita angapo kutali ndi iwo. N'chifukwa chake Samaria amaitseka m'miyezi ya mvula, kawirikawiri n'kuitsegulanso mu May.

Mtsinje umachenjeza, kungoti chenjezo lake ndi lalifupi. Madzi amene anali oyera amayamba kuda kapena kufiira. Masamba, timitengo ndi zinyalala zimayamba kuyandama modutsa. Nthawi zina mumamva kamphepo kozizira kakuchokera kumtunda, fungo la matope, kenaka mkokomo ngati wa lole ikubwera patali. Mukaona chimodzi mwa zimenezi musayambe kulongedza katundu, ndiponso musathamangire kumunsi, chifukwa madzi simungapikisane nawo. Kwerani. Ngakhale mamita ochepa pathanthwe ndi amene amasiyanitsa wopulumuka ndi wotengedwa. Ndimaumirira kulowa m'mamawa chifukwa m'madera otentha mitambo ya mabingu imakonda kusonkhana masana, nthaka ikatenthedwa.

Chinthu chachiwiri chimene chimadzidzimutsa anthu ndi kuzizira. Munthu amene dzulo lake anasambira m'nyanja yofunda amaganiza kuti mtsinje nawo ukhala chimodzimodzi. Ayi ndithu. Madzi ake amachokera pamwamba kapena m'akasupe a pansi pa thanthwe, ndipo dzuwa limafika pansi pa chigwembe kwa kanthawi kochepa patsiku. Ku Saklıkent, pafupi ndi Fethiye ku Turkey, anthu amawoloka madzi ozizira mochititsa dzanzi pakati pa chilimwe chotentha. Madzi amachotsa kutentha m'thupi mofulumira pafupifupi ka 25 kuposa mpweya, ndiye pakatha ola limodzi mukulowa ndi kutuluka m'maiwe, zala zimauma, chingwe chimapulumuka m'manja, maganizo nawo amayamba kuchedwa. Ana ndi anthu ochepa thupi ndi amene amayamba kunjenjemera. Chovala cha mphira choteteza thupi ku kuzizira m'madzi, wetsuit, si chodzionetsera.

Tsopano dziwe la pansi pa mathithi, kumene aliyense amafuna chithunzi. Madzi oyera a thovu aja ndi osakanikirana ndi mpweya, choncho sanyamula thupi ngati madzi wamba. Mumapalasa koma simukwera. Komanso madzi akagwa amazungulira n'kubwerera pomwe agwerapo, ndipo amakoka munthu kumubwezera pansi pa mathithiwo mobwerezabwereza. Odziwa kusambira ndi amene amakodwa kwambiri, poti ndi amene amayandikira. Za kudumpha kuchokera pamwamba ndimakhala wouma mtima: palibe wodumpha ndisanalowe ine kukafufuza pansi, ngakhale padziwe limene ndinadumphapo sabata yatha. Chigumula chimodzi chimasuntha miyala ikuluikulu ndi zipika, ndipo pamene panali pakuya pamatha kukhala mchenga wofika m'chiuno.

Zina ndi zazing'ono. Ndere zimaterera kuposa sopo, ndiye valani nsapato zomanga zamphira pansi, patapata asiyeni kugombe. Chisoti cholimba n'chofunika chifukwa miyala imagwa kuchokera pamwamba, makamaka mvula ikangogwa kumene. Foni nthawi zambiri sigwira netiweki m'kati, choncho uzani wina kumene mwalowera ndi nthawi imene mukuyembekezera kutuluka. Ngati muli ndi bala, liphimbeni bwino, ndipo madziwo musamwe ngakhale aoneke oyera. M'madera otentha matenda a leptospirosis, ochokera mumkodzo wa makoswe ndi nyama zina, amalowera pabala, m'maso ndi m'kamwa. Mukayamba kutentha thupi patapita masiku, muuzeni dokotala kuti munasamba mumtsinje.

Posankha wokutsogolerani, musamufunse ngati malowo ndi abwino, chifukwa aliyense adzavomera. Mufunseni kuti nyengo ya kumtunda waiona kuti lero, ndiponso kuti madzi atayamba kukwera muli pakati pa ulendo, potulukira pali pati. Wodziwa ntchito adzakuwerengerani malowo limodzi ndi limodzi, ndipo adzakuuzaninso chigawo chimene mulibe potulukira ndi mphindi zimene mudzakhalemo.