Musandiuze kuti "akudya", nditchulireni zimene akudyazo

Pali yankho limodzi limene landitopetsa pa ntchito yanga ya chipatala: "Akudya ndithu adokotala, kungoti ndi ukalamba." Woyankha amakhala mwana kapena mdzukulu, agogo ali pa benchi phee, lamba wa buluku wabooledwa mabowo atsopano. Ukafunsitsa umapeza kuti "kudya" kumene akunenako ndi kapu ya phala lamadzimadzi m'mawa ndi thobwa madzulo.

N'chifukwa chake masiku ano sindifunsanso kuti kodi akudya. Ndimafuna maina a zakudyazo, ndiponso nyengo imene anasiyira chilichonse. Nyama yootcha anaisiya liti? Nanga chimanga chokazinga, chinangwa chophika, chigumu? Mgaiwa anaukana liti n'kuyamba kupempha nsima ya ufa woyera? Ndi liti pamene anayamba kuuza mpongozi kuti nsima aziifewetsa, kenako n'kumatsirira mbamu iliyonse ndi madzi? Abale ena amaseka poganiza kuti ndikungocheza za kukhitchini. Koma mainawo akandandalikana chonchi, zolimba poyamba, kenako nsima, kenako phala, pomaliza thobwa ndi madzi, mtima wanga umagunda. Ukalamba suyenda mwa dongosolo lotere. Chimene chimayenda chonchi ndi chinthu chimene chikutseka njira ya chakudya pang'onopang'ono.

Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kummero imapezeka kwambiri pa dziko lonse lapansi, limodzi ndi maiko ena a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa kuno monga Kenya ndi Tanzania. Sigwira okalamba okha, timaionanso mwa anthu a zaka za m'ma 40 ndi 50, koma kwa nkhalamba ndi kumene imabisala bwino chifukwa aliyense amakhala ali ndi yankho kale. Fodya ndi mowa, makamaka kachasu, zimaonjezera chiopsezo. Mu 2016 nthambi yofufuza za khansa ya bungwe la WHO inanenanso kuti zakumwa zotentha kupitirira madigiri 65 zikuoneka kuti zimathandizira nthendayi. Ndiye inu amene mumanyadira kumwa tiyi wongophulidwa kumene, kapena phala likadali kubwata, dikirani lipole kaye.

Siyanitsani zinthu zitatu. Wosowa mano amavutika kutafuna, koma akameza chimatsika. Wopanda chilakolako amangoikankhira kutali mbale. Koma munthu amene ali ndi njala, chakudya akuchifuna, akameza n'kumaloza pachifuwa kuti chaima apa, kapena chikumabwerera osagayika, ameneyo asagone masabata kunyumba.

Pali bambo ena amene mpaka lero ndikawakumbukira ndimakhumudwa. Anali oimba banjo, ija yopanga okha ndi chigubu cha mafuta ndi mawaya a buleki ya njinga, ndipo pa ukwati kapena pamowa m'dera lawo sankasowa. Mayi a kunyumba anandiuza kuti bambowo anayamba kudandaula za nsima nthawi yokolola. Kwa ife anafika mvula itayamba kale. Pakati ponsepo banja silinakhale chete ayi, linayenda kwambiri, koma kolakwika.

Choyamba chimene anthu anaona sichinali kuonda. Anaona kuti mawu asasa ndipo bambo asiya kuimba, akungokhwacha mawaya osatulutsa nyimbo. Anati mawu atha ndi zaka. Chonsecho chotupa cha kummero chikakula chimatha kukhudza mtsempha umene umayendetsa mawu, ndipo kusasa kosatha pamodzi ndi kuvutika kumeza ndi chizindikiro choti zinthu zafika patali. Atapita kwa sing'anga anauzidwa kuti anadyetsedwa pamowa ndi anthu a nsanje. Anawatema mphini pachifuwa n'kuwapatsa mankhwala osanzitsa kuti "chinthucho" chituluke. Tangoganizani, munthu amene kale chakudya sichikufika m'mimba, mukumusanzitsanso. Mbuzi zinapita. Kenako mwana wawo wa m'tauni anatumiza mabotolo a mankhwala a zitsamba aja amalengezedwa pa WhatsApp kuti amachiza shuga, BP, khansa ndi kusabereka nthawi imodzi. Pofika kwa ife bambowo anali akuyenda ndi kachitini kolavuliramo, chifukwa ngakhale malovu sankatsika.

Tinawatumiza ku chipatala chachikulu kumene anawaika kachubu kotsegula njira, ndipo anamwako phala kwa kanthawi. Koma chimandiwawa kwambiri ndi chakuti pamene ife tinkalimbana ndi zimenezi, kumudzi anali atamuloza kale chala mayi wina wamasiye, wokalambanso, kuti ndiye anachita zimenezi. Lamulo lokhudza ufiti la 1911 likugwirabe ntchito m'dziko muno, ndipo kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Koma ngakhale lamulo likanapanda kukhalapo, chotupa chimene chimaoneka ndi maso pa kamera mungachikankhire bwanji kwa agogo a eni?

Sindikunamizani. Khansa iyi ndi yovuta ngakhale itapezeka msanga. Koma si aliyense wovutika kumeza amene ali ndi khansa, ndipo apa ndi pamene kuchedwa kumandipsetsa mtima. Ena zimakhala zilonda zoyera za fangasi zimene zatsikira kummero, makamaka amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ndipo mapiritsi a fluconazole amachiza m'masabata ochepa. Inde, agogo nawonso timawayeza HIV, musatiyang'ane ndi diso loipa. Ena njira inachepa chifukwa cha asidi wa m'mimba wa zaka zambiri. Ena ndi sitiroko. Kuti tidziwe pamafunika kuunika ndi kachubu ka kamera kapena kujambula munthu atamwa mankhwala oyera othandiza kuti njira ya chakudya ioneke pa chithunzi, ndipo izi zimachitika m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe. Yambirani pa chipatala chanu chaching'ono kuti akulembereni kalata. Wina akakugwiritsani kachitsulo m'manja, kompyuta n'kutchula matenda khumi pa mphindi ziwiri, dziwani kuti akuyeza thumba lanu. Ndipo ngakhale zitapezeka kuti kuchira kulibe, chithandizo chochepetsa ululu chilipo, morphine wakumwa alipo, malo monga Tiyanjane ku Queens ndi Ndi Moyo ku Salima ntchito yawo ndi imeneyi.

Tsopano za phala lija. Ufa woyera supuni ziwiri m'madzi odzaza poto, kenako shuga, chimenecho si chakudya cha munthu wodwala. Mimba imadzaza, thupi likupitirira kutha. Minofu ya nkhalamba imasungunuka msanga, ndipo kuti ibwerere pamafunika zakudya zomanga thupi, osati madzi a ufa. Magulu 6 a zakudya aja mumawaimba ku sikelo ya ana sathera pa ana. Phikani phala la mgaiwa, muthiremo nsinjiro kapena chiponde, ufa wa soya wokazinga, dzira, mkaka, kasupuni ka mafuta ophikira. Usipa kapena bonya muumitse bwino, musinje, musefe, ufa wake uzilowa m'phala kapena mu ndiwo. Futali wa mbatata kapena wa maungu, nkhwani wotendera wophikidwa mpaka kufewa, nyemba zokanya, peyala, nthochi yakupsa, chambiko. Zonsezi ndi zofewa, ndipo zambiri zili pakhomo panu pomwepo. Apatseni pang'onopang'ono koma kangapo pa tsiku. Madzi musadikire kuti apemphe, chifukwa ludzu limachepa munthu akamakula ngakhale thupi likuuma.

Chonde, musamwetse munthu ali chigonere. Akhale tsonga, ndipo akhalebe choncho kwa kanthawi akamaliza. Amene anadwalapo sitiroko amatsamwa kwambiri ndi madzi kusiyana ndi phala lolimbirako, ndipo zotsamwazo zikalowa m'mapapo chotsatira ndi chibayo. Ngati akukhosomola pa supuni iliyonse, siyani kukakamiza, bwerani nawo.

Mwina mudabwa kuti ine sindigwirizana ndi ana amene amalanda mayi awo mthiko pofuna kuonetsa chikondi. Mayi amene aphika moyo wawo wonse, mukawakhazika pamkeka kuti azingodikira mbale, amafooka msanga, ndipo kawirikawiri amayambanso kudya pang'ono chifukwa ndiwo za mpongozi "sizikoma". Asiyeni asadzule masamba, atendere, alawe mchere. Kutakasa nsima ya anthu khumi ndiye apatseni achinyamata. Inu ntchito yanu ndi kuyang'anitsitsa, pakuti pamafuwa ndi pamene matenda ambiri amayambira kuonekera. Mchere ukayamba kuchuluka, mwina ndi lilime limene lasiya kumva kukoma, ndipo kwa wodwala BP zimenezo n'zoopsa. Koma ngati akuthira mchere kawiri chifukwa aiwala kuti athira kale, akusiya poto pamoto mpaka kupserera, akuiwala kaphikidwe ka ndiwo zimene aphika kuyambira ali mtsikana, amenewo akhoza kukhala matenda a ubongo oiwalitsa. Anthu otere amatha kuiwala dzina la mdzukulu koma nyimbo ya kwaya kapena ya pamtondo n'kuiimba yonse osaphonya, chifukwa nyimbo zimachedwa kufufutika mu ubongo. Ndamvapo abale akunena kuti "akunamizira, si uyu akuimba bwinobwino". Sakunamizira. Imbani nawo, nthawi zambiri amadekha, ndipo ena amadya bwino pambuyo pake. Akapezeka usiku akuzungulira pabwalo la eni asakudziwa kumene ali, amenewo ndi matenda omwewo, si kutamba.

Yang'ananinso mapazi. Agogo amene apsa ndi khala la moto osamva kupweteka, kapena ali ndi bala la kuphazi limene silikupola, akayezedwe shuga sabata yomweyo. Shuga amapha mitsempha ya kumapazi, munthu n'kumangomva dzanzi, ndipo bala lotere mukalipaka phulusa, mankhwala otsukira mano kapena masamba otafuna, mapeto ake timadula mwendo. M'miyezi yozizira ya June ndi July musawalowetsere mbaula ya makala m'chipinda chotseka kuti afunde. Mpweya wa makala ulibe fungo, umagonetsa munthu osadzukanso, ndipo nkhalamba yogona yokha ilibe woidzutsa. Apatseni bulangete lachiwiri, mbaula itsale panja.