Wotchi ya pamkono wa nduna: mkanganowu unachokera kuti?

Mu Disembala 2017 nduna za boma la Thailand zinaima panja ku Bangkok kuti zijambulidwe. Dzuwa linali likuswa mtengo, ndipo wachiwiri kwa nduna yaikulu, Prawit Wongsuwan, anakweza dzanja kuti atchinge maso. Pamkono pake panaoneka wotchi ya Richard Mille, mtundu womwe malipiro a nduna a chaka chonse sangaugule. Anthu anayamba kufukula zithunzi zake zakale pa intaneti, n'kupeza mawotchi odula oposa 20. Pa chikalata chomwe iye analengezerapo chuma chake panalibe ngakhale imodzi. Atafunsidwa, anati onsewo anabwereka kwa mnzake amene anali atamwalira, ndipo mu Disembala 2018 bungwe lothana ndi katangale la dzikolo linati alibe mlandu.

Kale wotchi ya mtsogoleri sinkautsa mapiri pachigwa chotere. Kampani ya Rolex, yomwe Hans Wilsdorf anaiyambitsa ku London mu 1905 asanaisamutsire ku Geneva, inkachita kupereka mawotchi kwa anthu otchuka poyera. Dwight Eisenhower analandira yagolide mu 1951 asanakhale pulezidenti wa America. Mtundu wa Day-Date, womwe unatuluka mu 1956, anthu mpaka lero amangoutcha President, ndipo Lyndon Johnson ankauvala. Ngakhale Fidel Castro, yemwe ankadzudzula anthu olemera, anajambulidwa atavala ma Rolex awiri pamkono umodzi. Masiku amenewo wotchi yabwino inali chida chogwirira ntchito. Yotchipa inkatsalira kapena kuthamanga, choncho wofuna kusunga nthawi ankayenera kulipira.

Zinthu zinatembenuka mu 1969, pomwe kampani ya Seiko ya ku Japan inatulutsa wotchi ya quartz yoyendera batire. Pasanathe zaka zambiri, wotchi ya mtengo wochepa inayamba kusunga nthawi bwino kuposa ya mawilo ndi masipuling'i yopangidwa ndi amisiri a ku Switzerland. Ogwira ntchito m'mafakitale a mawotchi kumeneko anatsika kuchoka pa anthu pafupifupi 90,000 mu 1970 kufika cha m'ma 30,000 m'zaka za m'ma 1980. Makampani omwe anapulumuka anasintha malonda awo: anasiya kugulitsa nthawi, n'kuyamba kugulitsa ulemerero. Kuyambira pamenepo, wovala wotchi ya madola masauzande ambiri sangatinamize kuti akufuna kudziwa ola. Akuuza omuzungulira kuti iye ndi wa gulu liti.

Andale amaudziwa bwino uthengawu, n'chifukwa chake ena amasewera mbali inayo. Bill Clinton ankavala Timex yapulasitiki ali ku White House, kuti aoneke ngati munthu wamba.

Koma chomwe chimapangitsa wotchi kukhala yoopsa kwa mwini wake n'chakuti siibisika. Nyumba ukhoza kuilembetsa m'dzina la mlamu, ndalama n'kuzitumiza ku banki yakunja. Wotchi imakhala pamkono womwewo womwe umasainira mapangano ndi kupereka moni, pamaso pa makamera. Ili ndi dzina, nambala ya mtundu wake ndi mtengo wodziwika. Nzika iliyonse yokhala ndi foni ikhoza kuika mtengowo pambali pa malipiro a nduna n'kuona kuti masamuwo sakugwirizana. Kwa wopereka chiphuphu nayenso ndi yabwino: ndi yaing'ono, imalowa m'thumba, sisiya mapepala, ndipo imagulitsika msanga.

Yang Dacai wa ku China anagwa motero. Mu Ogasiti 2012 basi inachita ngozi m'chigawo cha Shaanxi n'kupha anthu 36, ndipo mkulu woona za chitetezoyu anajambulidwa akumwetulira pamalo a ngoziwo. Anthu okwiya anasanthula zithunzi zake, napeza kuti amasinthasintha mawotchi odula. Anam'patsa dzina loti Mchimwene Wotchi, ndipo mu Seputembala 2013 khoti linam'gamula zaka 14 m'ndende chifukwa cha ziphuphu ndi chuma chosadziwika komwe chinachokera. Chaka chomwecho, ku Poland, nduna ya zamtengatenga Sławomir Nowak inatula pansi udindo chifukwa chosalengeza wotchi imodzi yokha. Ku Russia, mu 2012, ogwira ntchito za tchalitchi cha Orthodox anafufuta wotchi ya Breguet pachithunzi cha mtsogoleri wawo Kirill, koma anaiwala chithunzithunzi chake chomwe chinkaonekera pa tebulo lonyezimira. Anapepesa.

Chomwe chimandiwawa kwambiri pa nkhanizi ndi yankho lija loti ndinangobwereka, kapena ndi mphatso. Olinena amaganiza kuti akudziyeretsa, pomwe akuulula chinthu chachikulu kuposa wotchiyo. Nduna ikagula ndi ndalama zake, funso limakhala limodzi: inazitenga kuti? Koma ikavala chuma cha munthu wina, ndiye kuti pali wina amene nduna ija ili naye ngongole, ndipo ife sitinamusankhe, sitim'dziwa, sitikudziwanso chomwe akuyembekezera. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Munthu sabwereketsa wotchi yoteroyo kwa wogwira cholembera cha boma n'kuiwala.

Nkhani ya ku Peru ikuonetsa zimenezi poyera. Mu Malichi 2024 atolankhani a La Encerrona anaunika zithunzi za Pulezidenti Dina Boluarte n'kupeza kuti wakhala akuvala mawotchi ambiri, kuphatikizapo Rolex, omwe sanawalengeze. Poyamba iye anati ndi thukuta lake, pakuti wagwira ntchito kuyambira ali mtsikana. Kumapeto kwa mwezi womwewo apolisi ndi oimira boma pa milandu anathyola chitseko cha nyumba yake ku Lima usiku n'kuchita chipikisheni. Patangopita masiku ochepa nkhani inasintha: anati mawotchiwo anawabwereka kwa mnzake Wilfredo Oscorima, bwanamkubwa wa chigawo cha Ayacucho. Ofufuza atamva zimenezo anatembenukira ku mabuku a boma, kukaona ndalama zomwe boma la Boluarte linavomereza kuti zipite ku Ayacucho m'miyezi yomweyo.