Bwanji akutiuza tizule chimanga chooneka mosiyana? Mafunso ndi mayankho kwa ochulukitsa mbewu ku Chikwawa ndi Nsanje

Mlimi amene walowa m'gulu lochulukitsa mbewu yovomerezeka amapatsidwa malamulo awiri omwe amavuta kuwamvetsa: munda ukhale patali ndi minda ina ya chimanga, ndipo phesi lililonse looneka mosiyana ndi anzake lizulidwe ngayaye zisanayambe kutaya mungu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amamveka kwambiri kumadimba a m'mbali mwa Shire.

Phesi labwinobwino, lobiriwira, ndilizule chifukwa chiyani?

Chifukwa wogula mbewu akulipira kuti adziwiretu chimene adzakolole. Akamva kuti mtunduwu umacha msanga, akufuna mundawo uche pamodzi, osati theka lacha theka likadali mondokwa pamene madzi a mtsinje akubwera. Phesi limodzi lachilendo limataya mungu wochuluka kwambiri, ndipo mphepo imaufikitsa pa ndevu za mapesi ambiri. Oyendera minda a ku Seed Services Unit, nthambi ya boma yotsimikizira mbewu, omwe likulu lawo lili ku Chitedze, akapeza zosiyana zochuluka munda umakanidwa, ndiye mwalima chimanga chodya basi.

Njere zamitundumitundu pachisononkho chimodzi zimachokera kuti?

Pali zinthu ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Mukaona njere yathunthu yachikasu kapena yofiirira pakati pa zoyera, kawirikawiri bambo wake ndi mungu wa m'munda wa neba. Njere iliyonse ili ndi ndevu yakeyake, ndipo imatha kulandira mungu wakewake. Lamulo la mtunda lija lili pamenepa.

Koma mukaona njere imodzi yokhala ndi timadontho kapena mizere, ngati wina wawaza utoto, nthawi zambiri ndi ntchito ya tizidutswa ta DNA timene timasuntha kuchoka pamalo ena kupita pena m'kati mwa selo (maselo ndi tizipinda tating'onoting'ono timene timapanga thupi la chamoyo, ndipo DNA ndi chimene chimasunga malangizo a chibadwa m'maselomo). Asayansi amatitchula kuti transposable elements, ena amangoti majini odumpha. Majini amenewa si aja a kwa sing'anga ayi. Ndi malangizo a chibadwa amene mbewu imalandira kwa makolo ake.

Timadonthoto timapangika bwanji?

Kachidutswa kakakhala pakati pa jini lopanga mtundu, jinilo limasiya kugwira ntchito ndipo khungu la njere limatuwa. Njere ikukula, kachidutswako kamatha kudumpha kuchoka mu selo imodzi. Jini lija limadzuka, ndipo selo imeneyo ndi ana ake onse amayamba kupanga mtundu. Kakachoka njere ikadali yaing'ono, banga limakhala lalikulu. Kakachedwa, kamangotsala kadontho. Mukagwira njere yotere, mukuona nthawi imene kudumphako kunachitika.

Anatulukira zimenezi ndi mayi wina wa ku America, Barbara McClintock, akugwira ntchito ku Cold Spring Harbor m'zaka za m'ma 1940. Anazindikira tizidutswa tiwiri, Ac ndi Ds: Ds sikatha kusuntha pokhapokha Ac kalipo. Anzake ambiri sanamumvetse kwa zaka zambiri. Mphotho ya Nobel anailandira mu 1983, ali ndi zaka 81. Zida zake zinali munda wa chimanga, maikulosikopu ndi maso osatopa, zomwe alimi athu osankha mbewu pankhokwe angazimvetse bwino.

Ndiye kuti ndi matenda, kapena mbewu yowonongeka?

Ayi. Njere zotere mungakonole n'kudya nsima yake popanda vuto. Chimanga chonse chili nato tizidutswati. DNA ya chimanga itawerengedwa yonse mu 2009, anapeza kuti pafupifupi magawo 85 pa 100 alionse ndi tizidutswa totere. Mapira, omwe kuno timadalira mvula ikavuta, ali nato kupitirira theka, ndipo DNA yake ndi yochepa katatu poyerekeza ndi ya chimanga ngakhale ziwirizi ndi zapachibale. Kusiyanako kwakukulu kunabwera chifukwa mtundu wina wa tizidutswati sumangosamuka, umadzikopera, kenako kope lake limakakhala kwina, n'kumachulukana. Tambiri tinagonekedwa kale ndi mbewuyo ndipo sitisunthanso.

Kodi tizidutswati tinathandizapo chilichonse?

Popanda kamodzi mwa ito, mwina bwenzi tilibe chimanga chomwe tikuchidziwa. Kholo la chimanga ndi udzu wa ku Mexico wotchedwa teosinte, wanthambi zambirimbiri ndi tinjere tochepa tolimba. Kachidutswa kotchedwa Hopscotch kanakhala pafupi ndi jini lotchedwa tb1 n'kulikulitsa mphamvu, nthambi zija zinachepa. Alimi a m'chigwa cha mtsinje wa Balsas, zaka pafupifupi 9,000 zapitazo, ankasunga mbewu ya mapesi oterowo, mpaka panatsala phesi limodzi loongoka. Iwo sanazule chosiyanacho, anachisunga.

Ndiye lamulo lozulali silikutitayitsa zinthu zabwino?

Funsoli ndi lanzeru. M'munda wochulukitsa mbewu yogulitsa, zulani, palibe kukambirana. Koma m'munda wa chimanga cha makolo kapena mapira anu, lamulolo silikukukhudzani. Mukaona phesi lopirira dzuwa la Okutobala la ku Ngabu anzake atalefuka, lizindikireni, sungani mbewu yake padera, mudzaibzale kutali ndi munda wovomerezeka. Mukhozanso kuuza alangizi kapena ofufuza za ulimi a ku Kasinthula.

Za majini odumphazi zikufanana ndi thonje la Bt limene likulimidwa kuno?

Sizifanana. Thonje la Bt lili ndi jini lochokera ku bakiteriya lomwe anthu analiika m'labotale, ndipo mbewu zotere zimayang'aniridwa ndi lamulo la Biosafety Act la 2002. Tizidutswa todumpha tinalimo kale mu chimanga cha agogo anu, ndipo timadontho pa njere sitifuna chilolezo chilichonse.