Digiri ya nyimbo ku yunivesite: mafunso ndi mayankho kwa olemba MSCE ndi makolo awo

Zotsatira za MSCE zikatuluka, pamakhala achinyamata amene mtima wawo uli pa nyimbo pomwe kunyumba akuwauza kuti asankhe unamwino kapena zowerengera ndalama. Mayankho awa ndi a iwowo komanso a makolo amene akuda nkhawa.

Kodi ku Malawi kuno munthu angaphunzire nyimbo mpaka kutenga digiri?

Inde. Ku University of Malawi ku Zomba, komwe ambiri timakutchulabe kuti Chanco, nyimbo zakhala zikuphunzitsidwa kwa zaka zambiri pamodzi ndi zisudzo ndi zojambulajambula. Ku Malawi University of Science and Technology, MUST, yomwe idatsegulidwa mu 2014 ku Thyolo, kuli digiri ya African Musicology pansi pa Bingu School of Culture and Heritage. Digiri imatenga zaka zinayi. Amene akungofuna kunola luso loimba zida popanda digiri angaganizire za Music Crossroads Academy ku Lilongwe.

Ndingalowe bwanji?

Khomo lake ndi lomwelo la maphunziro ena onse. Pamafunika MSCE yokhala ndi makirediti asanu ndi imodzi, Chingerezi chili momwemo, ndipo mumafunsira malo kudzera ku National Council for Higher Education, NCHE, yomwe imayendetsa kasankhidwe ka ophunzira a mayunivesite a boma. Mayina a mapulogalamu ndi zofunika zake zimasintha, choncho werengani chikalata cha chaka chomwe mukufunsiracho, osadalira zomwe adakuuzani achimwene anu amene adalowa kale.

Langizo langa ndi lakuti musaike nyimbo pa fomu ngati pobisalira chifukwa mapointi achuluka. Munthu amene alibe nazo chidwi amavutika kwambiri, chifukwa maphunzirowa amafuna kuyeserera tsiku ndi tsiku.

Musicology n'chiyani? Si kuimba basi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Pali mapulogalamu amene amalimbikira kuimba kwenikweni, kaya ndi mawu, piyano, gitala kapena lipenga. Ena amalimbikira kupeka ndi kukonza nyimbo, ena uphunzitsi, ena kujambula mawu mu situdiyo. Musicology ndi kufufuza nyimbo: idachokera kuti, amaimba ndani ndipo pa mwambo wanji, ng'oma zake zikuyankhana motani, nanga ingalembedwe bwanji kuti isatayike. Wophunzira amawerenga kwambiri, amalemba kwambiri, ndipo amapita kumidzi ndi chojambulira mawu kukakhala pansi ndi agogo oimba bangwe, kaligo, sansi kapena ulimba.

Ine ndimaona kuti ntchito imeneyi ndi yofunika kuposa momwe timaiganizira. Nyimbo zambiri zakale za dziko lino adazijambula ndi Hugh Tracey m'zaka za m'ma 1950, ndipo zimasungidwa ku International Library of African Music, yomwe adaikhazikitsa mu 1954 ndipo lero ili ku Rhodes University ku South Africa. Luso la Daniel ndi Donald Kachamba a ku Chileka lidadziwika kunja kwambiri kudzera mu kafukufuku wa Gerhard Kubik wa ku Austria, amene adagwiranso ntchito ndi Moya Aliya Malamusi. UNESCO idazindikira Gule Wamkulu ndi Vimbuza mu 2005, Tchopa mu 2014, ndi sansi mu 2020 ngati chuma cha chikhalidwe choyenera kusungidwa. Zonsezi zimafuna anthu akwathu odziwa kufufuza ndi kulemba, amene akumva chilankhulo cha nyimbozo ndi mwambo wake popanda womasulira.

Choncho musanasankhe, pemphani mndandanda wa maphunziro a chaka chilichonse. Funsaninso ngati dipatimenti ili ndi zida zokwanira, zipinda zoyeserera ndi situdiyo, komanso ngati pali mphunzitsi wa chida chimene inuyo mumachikonda.

Ndimaimba kwaya kutchalitchi koma sinditha kuwerenga manotsi. Ndikwanitsa?

Mukwanitsa, koma yambani kuphunzira lero. Makwaya athu ambiri amagwiritsa ntchito tonic sol-fa, ija ya do, re, mi, ndipo imathandiza kwambiri kuzoloweretsa khutu. Ku yunivesite mudzakumana ndi manotsi olembedwa pa mizere isanu, ndiponso malamulo a kagwirizanidwe ka mawu. Kiyibodi ya kutchalitchi kwanu ndi yokwanira poyambira.

Nanga ntchito zake n'ziti?

Tisanamizane, ntchito zolembedwa m'nyuzipepala kuti akufuna munthu wa digiri ya nyimbo ndi zochepa. Yodalirika kwambiri ndi uphunzitsi. Kupulayimale kuli phunziro la Expressive Arts ndipo makoleji a aphunzitsi amafuna anthu oliphunzitsa, pomwe sukulu zina zomwe si zaboma zimalemba aphunzitsi a piyano ndi kwaya. Amene akufuna njira imeneyi aonetsetse kuti ali ndi pepala la uphunzitsi pamwamba pa nyimbozo. Kulinso mabandi a polisi ndi asilikali, nyumba zoulutsira mawu, dipatimenti ya boma yoona za chikhalidwe ndi malo osungira zakale, mipingo, ndi mabungwe amene amagwiritsa ntchito nyimbo pofalitsa uthenga wa zaumoyo.

Ambiri amadzilemba okha ntchito: situdiyo, nyimbo zotsatsira malonda, zokuzira mawu pa maukwati ndi pa zikondwerero ngati Lake of Stars kapena Tumaini ya ku Dzaleka, ndi kuphunzitsa ana pakhomo. N'chifukwa chake ndi bwino kutenganso maphunziro a bizinesi, a zoulutsa mawu kapena a kompyuta ngati pulogalamu ikulola. Phunziraninso za umwini wa nyimbo. Lamulo la Copyright Act la 2016 limateteza zomwe mwapeka, ndipo bungwe la COSOMA limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo, monga mawailesi ndi mahotela, n'kugawira eni ake amene adalembetsa.

Oimba otchuka ambiri alibe digiri. Mwana wanga atayirenji zaka zinayi?

Bambo ndi mayi, mfundo yanu ndi yoona mbali imodzi. Ngati cholinga cha mwanayo ndi kutchuka pa wailesi basi, digiri simupatsa zimenezo. Chomwe imapereka ndi ntchito zimene woimba wongodalira khutu sangazigwire: kulemba nyimbo kuti bandi yonse iwerenge, kutsogolera kwaya, kuphunzitsa m'kalasi, kulemba pempho la thandizo la ndalama, kupitiriza masters. Mufunseni mwanayo kuti akudziona akugwira ntchito yanji akafika zaka 35. Akayankha momveka, mthandizeni.

Fizi ndingaipeze kuti?

Osankhidwa amene ndi osowa angapemphe ngongole ku Higher Education Students' Loans and Grants Board. Ndi ngongole ndithu, yobweza mukamaliza. Konzekeraninso ndalama ya chida chanuchanu, chifukwa kudikira gitala ya sukulu kumachedwetsa.

Kunja kwa dziko nako?

Ku South African College of Music ya University of Cape Town ndi ku University of KwaZulu-Natal kuli mapulogalamu a jazz, opera ndi nyimbo za mu Africa. Kumeneko satifiketi yokha siikwanira, amafuna akumveni mukuimba, ndipo kawirikawiri amayesanso zomwe mukudziwa pa manotsi. Mayeso a ABRSM, bungwe la ku Britain loyesa luso la nyimbo, amene ali ndi magiredi 1 mpaka 8, amathandiza kuonetsa pomwe mwafika. Kaya ndi kunja kapena koleji yomwe si yaboma konkuno, funsani ku NCHE ngati pepala lake ndi lovomerezeka musanalipire ndalama iliyonse.