Phunziro lochokera ku Bhola

Pa 13 Okutobala chaka chilichonse, bungwe la United Nations limakumbutsa maiko za kuchepetsa ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndipo mkangano wakale umabwereranso: anthu akafa ndi namondwe, wolakwa ndi boma kapena anthu okana kusamuka? Ine ndimayang'ana ku Bangladesh.

Usiku wa pa 12 Novembala 1970, namondwe adawomba chilumba cha Bhola ndi madera ozungulira, m'chigawo cha dziko la Pakistan chimene nthawiyo chinkatchedwa East Pakistan, chomwe lero ndi Bangladesh. Nyanja idakwera n'kumiza midzi anthu ali m'tulo. Chiwerengero cha akufa sichimveka chimodzi: ena amati 300,000, ena 500,000. Ine ndimakhulupirira chachikulucho, poti inali nyengo yokolola ndipo kudali aganyu ambiri ochokera kwina, osalembedwa paliponse. Chopweteka n'chakuti akatswiri a zanyengo adamuona namondweyo akubwera. Uthenga sudafike kwa msodzi ndi mlimi m'njira yoti aumve, ndipo amene adaumva adalibe chitunda chothawirapo. Boma la Yahya Khan, mtsogoleri wa Pakistan nthawiyo, lidadzudzulidwa pochedwa ndi thandizo. Mwezi wotsatira chipani cha Awami League, chimene chinkafuna kuti East Pakistan izidzilamulira, chidapambana zisankho, ndipo mu 1971 Bangladesh idaima payokha. Ena amati namondweyo ndiye adagawa dziko, koma kumeneko n'kukokomeza. Adangosonkhezera moto umene unkanyeka kale.

Chimene chidasintha zinthu chidabwera mu 1972: ndondomeko yokonzekera anamondwe, imene boma limayendetsa limodzi ndi bungwe la Red Crescent, lofanana ndi Red Cross. Anthu ongodzipereka a m'midzi momwemo amakweza mbendera zochenjeza, kuyenda panjinga ndi zimkuzamawu, kugogoda khomo ndi khomo. Sizidakwane msanga. Mu Epulo 1991 anthu pafupifupi 138,000 adafanso, amayi ndi ana ochuluka, nyumba zothawiramo zili zochepa. Kenaka adamanga zambiri, zokwezeka pa mizati ya konkire, zina zimagwira ntchito ngati sukulu. Namondwe Sidr atawomba mu 2007, boma lidalengeza akufa oposa 3,000, ngakhale mabungwe ena ankaopa kuti adali ochulukirapo.

Mapangano a maiko okhudza kuchepetsa ngozi, amene adachitikira ku Hyogo mu 2005 ndi ku Sendai mu 2015, m'dziko la Japan, adangolemba papepala zimene anthu a m'mphepete mwa nyanjawo adaphunzira polira maliro.

Za "okana kusamuka" aja, ambiri ankaopa kusiya ng'ombe, chuma chawo chokha. Ndiye chifukwa chake m'madera ena adaunjika zitunda zadothi zoti ziweto zikwerepo madzi akasefukira.