Tsiku la mpikisano si tsiku loyamba kuthamanga

"Angopita akasangalale basi, kodi iyeyu angapambane chiyani?" Mawu amenewa ndatopa nawo. Ndimawamva kwa makolo, kwa aphunzitsi, ngakhale kwa makochi amene ankayenera kudziwa bwino. Ine ndimagwira ntchito ya mafizo, ndipo zotsatira za mawuwa zimathera m'manja mwanga: mnyamata wa ulumali wa muubongo amene wakhala pakhomo chaka chonse, lero wavekedwa jezi yatsopano, waikidwa pamzere, akuti athamange mamita 400 dzuwa likuswa mtengo. Akakomoka, anthu amati ndi ulumali wake. Ayi ndithu. Aliyense wosakonzekera angakomoke chimodzimodzi.

Anthu a ulumali wa muubongo ndi ochita masewera ngati ena onse. Pamene Eunice Kennedy Shriver ankayambitsa Special Olympics, bungwe la masewera a anthu amenewa, mpikisano woyamba n'kuchitika ku Chicago mu 1968 ndi anthu pafupifupi 1,000, cholinga sichinali chowamvera chisoni. Mpaka lero lamulo la bungweli ndi lakuti munthu azikonzekera kwa masabata osachepera 8 asanapikisane, ndipo mpikisano umayambira zaka 8. Ocheperapo ali ndi pulogalamu yawoyawo yophunzira kudumpha, kuponya ndi kuwakha. Pa mpikisano wa bungweli wa padziko lonse ku Berlin mu 2023 kunasonkhana ochita masewera pafupifupi 7,000. Mukuganiza kuti anangotoledwa panjira?

Zakuti munthu azimwa madzi ndi kutenthetsa thupi sindichedwa nazo. Zimene zimandisowetsa tulo ndi khosi.

Mwa anthu amene ali ndi Down syndrome, vuto lobadwa nalo limene limachedwetsa kakulidwe ndi kuphunzira, ena mafupa awiri oyambirira a m'khosi, pomwe mutu wakhazikikapo, amakhala ogwedera chifukwa minyewa yowamanga ndi yofewa. Ambiri amakhala moyo wawo wonse osavutika nazo. Koma mwa ochepa, fupa limasuntha n'kuyamba kupanikiza mtsempha waukulu wodutsa mumsana, womwe umalamula manja, miyendo ngakhale kupuma. N'chifukwa chake masewera ena amafunika chilolezo cha dokotala kaye: kudumphira m'madzi chamutu, kusambira kwa butterfly, jimunasitiki, kudumpha mtanda, judo, ndiponso mpira wamiyendo, poti pamakhala kumenya mpira ndi mutu komanso kuwombana.

Pali mnyamata wina amene sindimuiwala. Ankakonda mpira kwabasi, ndipo ankasewera bwino kutsogolo. Anayamba kupendeketsa mutu mbali imodzi. Kenako anayamba kupunthwa pamalo opanda mwala, nsapato yakumanja ikutha kunsonga chifukwa chokhwekhwereza phazi. Kapu inkamupulumuka m'manja. Atayamba kudzikodzera, chinthu chimene anasiya ali wamng'ono, kunyumba anati wayamba mwano, kochi anati ndi ulesi. Iye sakanatha kufotokoza kuti khosi likuwawa, ankangokana kuvala jezi yodutsa kumutu, n'kumalira. Anapita naye kwa munthu wina wodzitcha katswiri wowongola mafupa, ndipo anamupotokola khosilo kuti "libwerere m'malo". Pomwe ankafika kuchipatala n'kuti sakuthanso kuimirira yekha. Madokotala anachita opaleshoni yomanga mafupawo, moyo unapulumuka, koma mwendo uja sunabwererenso mwakale. Chizindikiro chilichonse chinalipo, poyera, kwa miyezi. Aliyense anachiwerenga ngati khalidwe.

Choncho ndikunena mosapsatira: mwana wa Down syndrome akasintha kayendedwe, akamapendeka mutu, akamadandaula khosi kapena kuliumitsa, manja akafooka, akayamba kudziipitsira mwadzidzidzi, masewera aime tsiku lomwelo ndipo apite kuchipatala. Osati sabata yamawa. Munthu aliyense asamugwire khosi kuti alithyole kapena kulikoka. Musadalirenso X-ray yakale yoti inaonetsa kuti zonse zili bwino. Chithunzi chimaonetsa za tsiku lomwe chinajambulidwa, ndipo zizindikiro zimene mukuona ndi maso anu n'zofunika kuposa pepalalo.

Mtima nawonso. Pafupifupi theka la ana obadwa ndi Down syndrome amabadwa ndi vuto la mtima. Wothamanga akamabanika msanga kuposa anzake, milomo ikamada, akamakonda kunjuta pakati pa masewera, musamukalipire kuti alimbe mtima. Akapimidwe. Khunyu nalo limapezeka kwambiri mwa anthu a ulumali wa muubongo. Silimuletsa munthu kusewera, koma asasambire popanda womuyang'anira, ndipo mankhwala asadumphitse. Ndaonapo makolo akumusiyitsa mwana mankhwala sabata ya mpikisano ati amamufooketsa. Kumeneko n'kuitana kugwa kwenikweni. Akagwa, mugonekeni chammbali, musamulowetse kanthu m'kamwa.

Ndiye pali ogulitsa timabotolo toti "timatsegula ubongo". Palibe mankhwala, ufa kapena jakisoni wochotsa ulumali wa muubongo. Amene akukulonjezani zimenezo akufuna ndalama zanu, ndipo nthawi imene mukuthera kwa iye ndi yomwe mwana akanapimidwa maso, makutu ndi mano. Special Olympics inayamba kupima ochita masewera ake mwaulere mu 1997 itaona kuti ambiri ankasewera asakuona bwino kapena dzino likuwawa, popanda wodziwa. Wina amene mumati samva malangizo, mwina makutu ndiwo atsekeka.

Musanditenge molakwa, sindikuti muwatsekere m'nyumba. Kungokhala kumawononga kuposa mpira: kunenepa, shuga, mawondo ofooka, kusungulumwa. Akapimidwa, asewere zolimba. Kochi apereke langizo limodzi pa nthawi, aonetse ndi thupi lake m'malo mochulutsa mawu, abwereze mawa ndi mkuja pamalo omwewo. Zimalowa, ndipo zikalowa sizichoka msanga.

Mpikisano wa Special Olympics ndi weniweni. Opikisana amagawidwa m'timagulu ta anthu 3 mpaka 8 potengera msinkhu, kuti ndi amuna kapena akazi, ndiponso luso lofanana, kuti aliyense akhale ndi mwayi wopambana. Apa ndi pamene makochi ena amandikwiyitsa: amanong'oneza wothamanga kuti pa mayeso oyamba apite pang'onopang'ono kuti agwere m'gulu lofooka. Malamulo amamuchotsa wothamanga amene pamapeto wapambana mopitirira kwambiri zomwe anaonetsa poyamba, ndipo wolira ndi mwanayo, amene anangomvera. Chinyengo chotere chinapwetekapo anthu ambiri. Pa Paralympics, mpikisano wina wa padziko lonse wa anthu aulumali, ya ku Sydney mu 2000, timu ya Spain ya basketball ya anthu a ulumali wa muubongo inatenga golide, kenako zinadziwika kuti osewera 10 mwa 12 analibe ulumali uliwonse. Ochita masewera onse a ulumali wa muubongo anatsekeredwa kunja kwa Paralympics mpaka ya ku London mu 2012, pomwe anabwerera pa masewera atatu okha: kuthamanga ndi kudumpha, kusambira ndi table tennis.