Munthu amene mfumu ya Roma inkamuopa kwambiri anali amene yamutuma yokha

Ndikamaphunzitsa mbiri ya Roma n'kufika pa zaka za pakati pa 235 ndi 284, ophunzira amadabwa kumva kuti m'zaka 49 zokha munalowa mafumu oposa 20, ndipo ambiri anafa ndi lupanga la asilikali awo omwe. Amafunsa ngati anthuwa anali ankhanza kapena osaganiza. Ena analidi otero, koma gwero la mavutowo linali kukula kwa dziko. Adani ankabwera nthawi imodzi: anthu a mtundu wa Alamanni kumtsinje wa Rhine, a mtundu wa Goth kumtsinje wa Danube, ndi Perisiya kum'mawa pansi pa mfumu Shapur I. Mfumu inali imodzi, ndipo uthenga wochokera kumalire unkayenda milungu kuti uipeze.

Choncho inkatuma munthu. Koma wotumidwayo ankapatsidwa asilikali masauzande, ndipo akapambana nkhondo, asilikaliwo ankaona kuti mtsogoleri amene akudya nawo fumbi ndiye woyenera mpando. Panalinso za m'thumba, poti mfumu yatsopano inkagawira asilikali mphatso ya ndalama. Ndalamayo inali ikutha mphamvu. Khobidi lotchedwa antoninianus linayamba m'nthawi ya mfumu Caracalla lili ndi siliva pafupifupi theka, koma pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 260 silivayo sankafika n'komwe magawo 5 pa 100 alionse. Msilikali wolandira makobidi oterowo sankachedwa kumvera aliyense womulonjeza zambiri.

Taonani mmene zinkasinthanirana. Philip anali mkulu wa asilikali oteteza mfumu Gordian III. Gordian atafa ku nkhondo ya ku Mesopotamia mu 244, Philip ndi amene anakhala pampando. Patapita zaka zochepa, iye anatuma Decius, mmodzi wa akuluakulu a bwalo la Senate, nyumba ya malamulo ya Roma, kukakhazikitsa bata pakati pa asilikali a ku Danube. Asilikali aja anamuveka Decius ufumu, ndipo mu 249 Philip anafa pankhondo yolimbana ndi mtumiki wake yemweyo pafupi ndi Verona. Wokwezedwa motero analibe pobwerera. Akanakana, akanakwiyitsa asilikali amene amuzungulira, ndipo akanapita kukapepesa, mfumu sikanamukhulupirira.

Chaka cha 260 ndiye chinali choipitsitsa. Mfumu Valerian inagwidwa yamoyo ndi Shapur pafupi ndi Edessa, ndipo chithunzi cha manyazi amenewo chidakalipo, chosemedwa pathanthwe ku Naqsh-e Rostam m'dziko la Iran. Mwana wa Valerian, Gallienus, anatsala ndi ufumu wong'aluka. Kumadzulo, Postumus, mkulu wa asilikali ku Rhine, anazinga mzinda wa Cologne, mwana wa Gallienus dzina lake Saloninus n'kuphedwa, ndipo Postumus anayamba kulamulira Gaul (dera limene lero muli France), Britain ndi Spain payekha. Kum'mawa kunadzuka Odaenathus wa ku Palmyra, mzinda wa ku Syria. Ameneyu Gallienus sanalimbane naye. Anamupatsa maudindo aulemu kuti azithamangitsa Aperisiya m'dzina la Roma.

Olemba mbiri akale anamunyoza kwambiri Gallienus, koma ine ndimaona kuti anamulakwira. Iye ndi amene anasiya kupereka utsogoleri wa magulu ankhondo kwa a m'bwalo la Senate, anthu a mabanja olemera amene ena mwa iwo sankaidziwa nkhondo, n'kuupereka kwa asilikali amene akulira m'misasa. Nanga olemba mbiri ambiri si ankakondera Senate yomweyo? Mwa asilikali oterewa, ambiri ochokera m'madera a ku Balkan, munatuluka Claudius II, Aurelian ndi Probus, amene anayamba kulumikizanso ufumuwo. Koma Gallienus sanapulumuke. Mu 268, ali mkati mozinga Aureolus, mkulu wa asilikali ake apakavalo amene anamupandukira ku Milan, akuluakulu ake ena anamuchitira chiwembu n'kumupha.

Nkhani imene imandikhudza kwambiri ndi ya mu 284. Mfumu Numerian inkabwerera kuchokera ku Perisiya itanyamulidwa m'machira otchinga ndi nsalu. Olemba akale amati Aper, mkulu wa oteteza mfumu yemwenso anali mpongozi wake, ankauza asilikali kuti mfumu ikudwala maso, sikufuna dzuwa ndi mphepo. Anayenda choncho masiku angapo, malamulo akutuluka m'dzina la munthu wosaoneka, mpaka fungo linaulula kuti anyamula mtembo. Pafupi ndi mzinda wa Nicomedia asilikali anasankha Diocles, mmodzi wa akuluakulu awo, kukhala mfumu, ndipo iye analumbira pamaso pa gulu lonse kuti imfayo sakuidziwa, n'kumubaya Aper pomwepo. Aper anafa asanayankhe mlandu, ndipo womubayayo ndi amene anapindula ndi imfa ya Numerian.

Diocles ameneyu ndiye anadzadziwika kuti mfumu Diocletian. Poti anadziwa bwino mmene iye analowera, anakonza zoti wotumidwa asakhalenso ndi mphamvu zoopseza womutuma. Anaduladula zigawo za ufumu mpaka zinafika pafupifupi 100, kuti bwanamkubwa aliyense akhale ndi dera laling'ono. Pofika mu 293 mafumu anali anayi, awiri aakulu ndi awiri owathandiza, kuti malire alionse oopsa akhale ndi mfumu pafupi. Mu 305 anatula pansi udindo mwa kufuna kwake, n'kukakhala kunyumba yake yaikulu m'mbali mwa nyanja, pamene lero pali mzinda wa Split ku Croatia.